Kodi wosewera wamphamvu ndiye amakhota msanga? Ndithandizeni maganizo

Kochi wa ku Kapata analemba kuti:

Akuluakulu nonse, landirani moni. Ndimaphunzitsa mpira wa miyendo anyamata a zaka za pakati pa 15 ndi 18 kuno ku Kapata, mu Chipata, ndipo pali nkhani imene yandisowetsa tulo chiyambire kukonzekera masewera a chaka chino.

Ndili ndi mnyamata wotchinga kumbuyo amene pa liwiro la mzere wowongoka palibe womupeza m'timu yonse, moti tikawathamangitsa mamita 30 amawasiya anzake ndi mapazi angapo. Mnyamata yemweyo ndiye amanyamulanso zolemera kuposa onse, pakuti kwawo ali ndi chitsulo chimene anachimangirira simenti yowumbira m'zitini mbali zonse ziwiri, ndipo m'mawa uliwonse amachikweza mpaka chifuwa ndi mapewa zatukuka. Koma akakumana ndi wosewera wam'mbali wodziwa njomba amangopitirira ngati lole yoduka mabuleki, ndipo pamene iye akutembenuka mnzakeyo amakhala ataponya kale mpira pakhomo pa golo. Ndilinso ndi wina wochepa thupi amene pa mamita 30 amafika wachisanu, koma pokhota ndi pobwerera kumene wachokera palibe amene amamugwira.

Ine ndinakula ndikumva kuti mphamvu ndiye maziko a zonse pa masewera, ndipo ndakhala ndikuwauza anyamata anga zomwezo. Tsono zimene ndikuona ndi maso anga zikutsutsana ndi zimene ndimaphunzitsa. Kodi mphamvu za thupi zili ndi gawo lenileni pa kukhota msanga, kapena ndi mphatso imene munthu amangobadwa nayo? Ngati zili ndi gawo, ndi mphamvu zotani, popeza mnyamata wanga wamphamvuyu sizikumupindulira? Ndiponso ndingayeze bwanji kusiyana kwa anyamata awiriwa, ine amene ndili ndi wotchi ya pa foni, tepi yoyezera ndi makoni asanu ndi atatu basi?

Mphunzitsi wa Zolimbitsa Thupi anayankha kuti:

A Kochi, zimene mwaonazo sizikutsutsa chiphunzitso chanu, koma zikuonetsa kuti mawu akuti mphamvu amanyamula zinthu zingapo zosiyana, ndipo mnyamata wanu wakulitsa mtundu umene kukhota sikuufuna kwambiri.

Munthu akamakhota mwamphamvu amachita zinthu zitatu motsatizana: amachepetsa liwiro, amaponda phazi ndi kutembenuza thupi, kenako amayambanso liwiro kulowera kwina. Ambiri timangoyang'ana chachitatucho, koma nthawi yambiri imatayika pa choyambacho. Taganizirani njinga yosenza matumba a makala ikutsetsereka m'mapiri otizungulirawa kulowa m'tauni. Mwini wake angakhale ndi miyendo yopalasa bwino chotani, pa kona chimene chimamupulumutsa ndi mabuleki, ndipo katundu akachuluka kapena liwiro likakula, mabulekiwo amafunika olimba koposa. Wosewera naye ndi chimodzimodzi, kungoti mabuleki ake ndi minofu ya m'ntchafu, ya m'matako ndi akatumba a m'miyendo.

Tiyike manambala kuti zimveke. Mnyamata wolemera makilogalamu 70 amene akuthamanga mamita 6 pa sekondi, kuti aime kotheratu m'kati mwa theka la sekondi ayenera kukankha nthaka chakutsogolo ndi mphamvu ya ma newton 840, yomwe ikufanana ndi kulemera kwa katundu wa makilogalamu pafupifupi 86, ndipo apa sitinawerengere mphamvu yochirikiza thupi lake kuti asagwe. Akakhala wa makilogalamu 80 pa liwiro lomwelo, pamafunika ma newton 960. Liwiro ndiye limalanga koposa, chifukwa mtunda woimira umakula mofulumira kuposa liwirolo: wobwera pa mamita 7 pa sekondi amafuna mtunda wotalika pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wobwera pa mamita 5 pa sekondi, ngati mabuleki awo ndi ofanana. Apa ndi pamene pagona vuto la mnyamata wanu. Ndi wolemera, ndi waliwiro, ndipo minofu imene wawonjezera pachifuwa ndi m'mapewa ndi katundu wina woti miyendo iimitse. Chofunika si kuchuluka kwa zimene munthu anganyamule, koma mphamvu za miyendo yake poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake lomwe.

Mtundu wa mphamvu nawo ndi wosiyana. Pokwera phiri minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito ikufupika, koma potsika imagwira ntchito ikutamuka, ikuletsa bondo kuti lisapindike mwadzidzidzi. Aliyense amene anatsikapo phiri la Kanjala mofulumira akudziwa kuti ntchafu zimawawa mawa lake chifukwa cha kutsikako kuposa kukwera. Mphamvu yoletsa imeneyi ndiyo imaimitsa wosewera, ndipo ofufuza a ku Australia, pakati pawo Tania Spiteri ndi Sophia Nimphius, atayeza akazi osewera basiketibo anapeza kuti mphamvu yoletsayi imayenderana kwambiri ndi kukhota msanga. Ofufuza a pa yunivesite ya Salford ku England, monga Thomas Dos'Santos ndi Paul Jones, anaonetsanso kuti pokhota mobwerera m'mbuyo, okhota msanga amamanga mabuleki kwambiri pa phazi lotsogolera phazi lokhotera, kotero kuti phazi lomalizalo limakhala ndi ntchito yochepa yoimitsa ndipo limafulumira kukankha thupi kulowera kwatsopano. Mukamuyang'anitsitsa mnyamata wanu wochepa thupiyo, ndikukhulupirira kuti mudzaona akutsitsa chiuno ndi kutsamira m'mbuyo asanafike pamalo okhotera, pamene wamkuluyo amafika ali chiwongokere n'kusiya ntchito yonse kwa phazi limodzi.

Palinso nkhani ya nthawi. Pa liwiro la mzere wowongoka phazi limakhala pansi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, pamene pokhota mobwerera limatha kukhala pansi pafupifupi theka la sekondi. Nthawi yotalikirapoyi imapatsa minofu mpata wotulutsa mphamvu zake zambiri, n'chifukwa chake mphamvu zenizeni za miyendo zimaoneka phindu lake pa makona akuthwa kusiyana ndi pa kukhota pang'ono kumene munthu amangopinda njira liwiro lili pomwepo.

Za kuyeza, zipangizo muli nazozo n'zokwanira. Pali muyeso wotchedwa 505, umene Draper ndi Lancaster anaufalitsa mu 1985. Mulembe mizere itatu: woyambira, wina pa mamita 10, wina pa mamita 15. Mnyamata athamange kuchokera poyambira, muyambe kuwerenga nthawi akamadutsa mzere wa mamita 10, aponde mzere wa mamita 15, atembenuke, ndipo muimitse wotchi akamadutsanso mzere wa mamita 10 pobwerera. Achite potembenukira phazi lamanja ndiponso lamanzere. Kenako mumuyeze mamita 10 owongoka, ndi kuchotsa nthawi imeneyi pa nthawi ya 505. Chotsalacho ndi nthawi imene kukhota kwamudyera, ndipo njira yochotsera imeneyi Nimphius ndi anzake anailongosola mu 2016 pofuna kuti liwiro la munthu lisabise kufooka kwake pa kona.

Mayi wa Netibo ku Katete anayankha kuti:

Aphunzitsi alongosola bwino, ndipo ife a netibo nkhani ya mabuleki timakhala nayo tsiku ndi tsiku, pakuti lamulo la masewera athu silimulola wogwira mpira kupondanso phazi limene anaterera asanauponye, ndipo ali ndi masekondi atatu okha. Mtsikana wosatha kuima sangasewere netibo ngakhale atakhala waliwiro ngati mphepo. Komabe a Kochi, ndikufuna ndiwonjezere mbali imene ndikuona kuti yachepa m'yankho lapitali, chifukwa mukangomva kuti pakufunika kukankha nthaka mwamphamvu, mungathamangire kuwauza anyamata kuti aziponda molimba pa kona, bondo lisanakonzeke.

Mphamvu imene phazi limapereka ku nthaka imabwereranso m'mwendo momwemo, ndipo imadutsa pa kakolo, pa bondo ndi pa chiuno. Ngati pokhota phazi laponda kutali kumbali, mwendo uli chiwongokere, bondo n'kugwera m'kati, thupi n'kupendekera mbali ina, katundu yense amathera pa mtsempha wa m'kati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL. Nthawi zambiri mtsempha umenewu umaduka popanda munthu wina kumugunda wosewerayo, ndipo atsikana amavulala motere kawirikawiri kuposa anyamata a masewera omwewo. Ine ndinataya mtsikana wa m'timu yanga wosewera pakati amene ndinkamudalira koposa, tsiku limene anakhota yekha pabwalo louma, tonse n'kumva kulira kwake. Opareshoni yokonza mtsempha umenewu ndi yodula, ndipo ngakhale itachitika munthu amakhala miyezi isanu ndi inayi kapena kuposerapo asanabwerere. Mtsikanayo sanasewerenso, ndipo mpaka lero ndikamuona pamsika mtima umandipweteka.

Chovuta chake n'chakuti kaimidwe kena kofulumizitsa kukhota, monga kuponda phazi kutali kumbali, ndi komwenso kamalemetsa bondo. Pa chifukwa ichi ine sindilola mtsikana kukhota pa liwiro lonse asanandionetse kuti angathe kudumpha kuchokera pa benchi, kutera ndi mwendo umodzi mopanda phokoso, bondo lili molunjika ndi zala za kuphazi, n'kukhala chiimire masekondi atatu osagwedera. Mudzadabwa kuona anyamata amphamvu akulephera zimenezi ndi mwendo wamanzere. Muwayeze mwendo uliwonse pawokha, chifukwa pokhota munthu sakankha ndi miyendo iwiri, ndipo wosewera wochenjera sachedwa kuzindikira mbali imene wotchinga kumbuyo amatembenukira movutika.

Ndikulimbikitseninso kugwiritsa ntchito ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+, imene sifuna chipangizo china kupatula mpira ndi makoni, ndipo imatenga mphindi pafupifupi 20. Itayesedwa pa atsikana osewera mpira wa miyendo ku Norway, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. M'kati mwake muli kale kutera, kuima ndi mwendo umodzi ndi kuponda n'kukhota.

Wotchinga Kumbuyo Wakale anayankha kuti:

Ndawerenga zonse ndipo sindikukana manambala a Aphunzitsi, koma ndasewera kumbuyo zaka zambiri, pa David Kaunda Stadium ndi pa mabwalo a fumbi a ku Chadiza ndi ku Lundazi, ndipo ndikuuzeni, mng'ono wanga, kuti koni siinadyetsepo munthu njomba. Pa muyeso wanuwo mnyamata amadziwiratu pamene akakhotere. Pabwalo sadziwa, ndipo wotchinga kumbuyo amene amayang'ana mapazi a mnzake amakhala wachedwa kale ngakhale miyendo yake ikhale yachitsulo. Ife anatiphunzitsa kuyang'ana chiuno ndi mpira, chifukwa mapewa ndi mapazi zimanama koma chiuno chimapita kumene munthu akupitadi.

Chachiwiri n'chakuti mnyamata wanu mwina akudzipweteka ndi liwiro lake lomwe. Amakondwera kuti amafika msanga, motero amathamangira mdani mpaka kumufika pamphuno. Muuzeni athamange mwamphamvu pamene mpira uli m'njira, koma mdaniyo akamaulandira iye akhale atafupikitsa kale mapazi, atatsika, ataima chammbali, phazi limodzi kutsogolo, kuti amulondolere ku mzere wa kunja. Woima chammbali amangotembenuka pang'ono, pamene woima chamaso ayenera kuzungulira thupi lonse.

Musaiwalenso nthaka. Mu Okutobala mabwalo athu amauma gwa, pamwamba n'kukhala kafumbi ndi timiyala totereretsa, ndipo mvula ikayamba amasanduka matope. Mnyamata wovala nsapato zotha zisonga sangatsamire n'kukankha nthaka monga mmene Aphunzitsi akufunira, chifukwa thupi lake laphunzira kuti akatero agwa, tsono amakhota ndi timapazi tambirimbiri ali chiwongokere. Musanamuweruze kuti alibe mabuleki, yambani mwatembenuza nsapato zake muone kunsi kwake.

Kochi wa ku Kapata analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Loweruka ndinayeza monga munandiuzira, Aphunzitsi. Pa nthawi ya 505 yokha anyamata awiri aja anangosiyana pang'ono, koma nditachotsa nthawi ya mamita 10, wamkuluyo anapezeka pakati pa otsalira m'timu yonse, makamaka potembenukira phazi lamanzere. Muyeso wodumpha pa benchi umene Mayi anena anaulepheranso ndi mwendo womwewo, bondo linkagwera m'kati poonekeratu. Akulu anga, nsapato zake ndinaziona ndipo zisonga zilipo, koma za kufika pamphuno pa mdani mwalasa, ndi khalidwe lake ndithu.

Mafunso anga otsala ndi awiri. Makolo ena amandiletsa kuwanyamulitsa ana zolemera ponena kuti apinimbira, kodi ndiwayankhe chiyani? Ndipo popanda jimu, pa sabata ya masiku atatu ophunzira ndi masewera Loweruka, ntchito imeneyi ndiyiike pati?

Mphunzitsi wa Zolimbitsa Thupi anayankhanso kuti:

Ndiyambe ndi kuvomereza mawu a akulu athu, chifukwa ofufuza nawo anafika pomwepo. Mu 2006 Sheppard ndi Young anasiyanitsa kukhota kokonzekeratu ndi kukhota koyankha zimene maso aona, ndipo kafukufuku wotsatira wakhala akuonetsa kuti wopambana pa koyambako sakhala wopambana nthawi zonse pa kwachiwiriko. Kuwonjezera apo, Bloomfield ndi anzake atawerenga mayendedwe a osewera a mu Premier League ya ku England, mu 2007 anafalitsa kuti wosewera amatembenuka maulendo oposa 700 pa masewera amodzi, ndipo ochuluka mwa maulendowo ndi makona osapitirira madigiri 90. Choncho 505 ikukuuzani za mabuleki a mnyamatayo, osati za nzeru zake za mpira. Kumene ndikusiyana pang'ono ndi akuluwa n'kwakuti mphamvu ndi maso zimathandizana: wotchinga kumbuyo wodziwa kuti angaime m'mapazi awiri amalimba mtima kudikira kuti mdani aonetse kumene akupita, pamene wodziwa kuti saima amakakamizika kulosera, ndipo wolosera ndiye amadya njomba.

Kwa makolo, muwauze mwaulemu kuti palibe umboni wakuti kunyamula zolemera moyang'aniridwa ndi munthu wamkulu, mwa kaimidwe koyenera ndi mowonjezera pang'onopang'ono, kumapinimbiritsa mwana, ndipo mabungwe a madokotala a ana amavomereza zolimbitsa thupi zotere. Choopsa ndi mwana kunyamula yekha katundu womuposa pofuna kuonetsa anzake. Ku Germany, Keiner ndi anzake anatsatira anyamata osewera mpira kwa zaka ziwiri, ndipo amene ankawonjezera kunyamula zolemera monyonyomala kawiri pa sabata anapita patsogolo pa kukhota kuposa amene ankangosewera mpira wokha. Mawu akuti zaka ziwiri muwasunge, chifukwa minofu ndi mitsempha sizisintha m'sabata zitatu.

Pa ndondomeko yanu, ine ndikanaika ntchito yolemera Lolemba ndi Lachitatu, n'kusiya Lachinayi kapena Lachisanu kukhala lopepuka, chifukwa ntchito yoletsa imawawitsa minofu kwambiri pa tsiku lachiwiri, makamaka m'sabata zoyambirira. Matumba a mchenga a makilogalamu 10 mpaka 20 akukwanira poyamba. Mnyamata anyamule thumba pachifuwa, phazi limodzi kutsogolo, lina alisanjike pa benchi kumbuyo, atsike pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka zinayi, n'kudzuka mofulumira, maulendo 6 mpaka 8 mwendo uliwonse, katatu. Kutsika mochedwako ndiko kumamanga mabuleki, ndipo mwendo umodzi ukamanyamula thupi lonse pamodzi ndi thumba, katundu wochepayo amakhala wokwanira. Aziyambira mwendo wamanzere akadali ndi mphamvu. Muwonjezere Nordic, pamene mmodzi amagwada mnzake atamugwira akakolo, n'kumagwa chakutsogolo pang'onopang'ono akudziletsa ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, koma muyambe ndi maulendo anayi kapena asanu okha. Kwa mphechepeche, zimene zimavutika kwambiri pokankhira kumbali, pali Copenhagen, pamene munthu amagona chammbali atatsamira chigongono, mnzake atamugwira mwendo wapamwamba, iye n'kumakweza chiuno ndi mwendo wapansi.

Mphamvuzo muziphunzitsenso ntchito yake tsiku lomwelo, anyamata asanatope. Athamange mamita 10 pa theka la liwiro n'kuima pa mzere, chiuno chili pansi, chifuwa chosagwera kutsogolo, mabondo olunjika monga Mayi anenera, ndipo sabata zikamapita muzikweza liwiro ndi kufupikitsa malo oimira. Akazolowera, muchotse makoni n'kuika munthu: awiriawiri m'kanjira ka mamita asanu m'lifupi, wina ndi mpira, wina akutchinga. Chitsulo cha simenti chija musamulande, koma mumuuze kuti masiku awiri pa sabata achitsitse pachifuwa n'kuchiika pamapewa, azinyonyomala nacho inu mukuona.

Pobwereza muyeso pakatha sabata zisanu ndi zitatu, musadalire chala chanu pa wotchi, chifukwa chala chimatha kuphonya ndi magawo awiri mwa magawo khumi a sekondi, ndipo kusintha kumene mukufunako kungakhale kochepa kuposa pamenepo. Muimike foni molunjika ndi mzere wa mamita 10, mujambule vidiyo, n'kuwerenga zithunzi kuyambira pamene chifuwa chadutsa mzere popita mpaka pamene chadutsa pobwerera. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi, choncho chiwerengero chimene mwapeza muchigawe ndi 30. Muyeze pa bwalo lomwelo, ndi nsapato zomwezo, ndipo ngati mvula idzakhala itayamba, mudikire tsiku limene nthaka yauma ngati mmene inalili Loweruka lija.